Atsibweni Ako Akadali Kuseri kwa Nyumba

Area 3,
Lilongwe.

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku City Centre ndi amuna ako kukatenga mapepala a ulendo. Ndikanatha kudikira kuti ubwere tilankhulane pakamwa, koma masiku ano tikangoyamba nkhani imeneyi iwe umatsegula vesi, ine ndimakweza mawu, kenako aliyense amalowa kuchipinda kwake. Ndiika kalatayi pamwamba pa sutikesi yako. Uiwerenge lero lomwe, osati m'ndege, chifukwa chimene ndikupempha m'menemu sichingachitike uli m'mwamba.

Za kuzizira kwa ku Ulaya, za kusunga pasipoti ndi za kusamala banja anakuuza kale amayi a kutchalitchi kwanu pa phwando lokutsanzika lija, ndipo ananena zambiri kuposa zimene ine ndikudziwa. Changa n'chimodzi basi. Atsibweni ako, amene iwe umati ankolo, akadali kuseri kwa nyumba, m'chipinda chija ankagonamo alonda. Anachoka kumudzi kudzakhala nkhoswe yako, monga mlongo wa mayi amayenera kutero, iwe n'kuwakana chifukwa salowa tchalitchi, ndi a gule, ndipo kukachita chilala amapita nawo kukachisi kukapempha mvula. Unasankha mkulu wa mpingo wanu m'malo mwawo. Ukwati unachitika, unali wabwino, ndipo sindikubwereranso kumeneko. Koma chichitikireni ukwatiwo iwe sunawapatse moni, mbale yawo unaipatula, ndipo mawa ukunyamuka. Iwo akuuza anthu kuti akudikira tsiku la kuchipatala. Tsiku la kuchipatala linadutsa kale, ndinawaperekeza ndine. Akudikira kuti uwatsanzike.

Nditakufunsa unandiyankha kuti, "Mami, inu simukumvetsa. Nkhani za ankolo zija si nthano chabe. Ndi zokopera. Satana anatenga za m'Malemba n'kuzipotoza, ndiye ine sindingamakhale nawo pansi n'kumaseka ngati palibe vuto." Ndinamva. Abusa ako anena, iwenso wagwiritsa. Koma nkhani zofananafanana zimenezi ndakhala nazo kuyambira iwe usanabadwe, poti moyo wanga wonse ndinagwira ntchito m'laibulale, ndipo njira ukulowayi ndinapunthwamo mbali zonse ziwiri. Ndikuuza mmene ndinapunthwira, zina uona wekha.

Nditangoyamba ntchito ku City Centre, ntchito yanga inali yomata manambala kumsana kwa mabuku. Nthawi ya nkhomaliro anzanga ankatuluka kukagula tchipisi, ine n'kutsala kumawerenga chilichonse chimene chinali pamwamba pa mulu. Tsiku lina ndinatsegula buku lonena za anthu akale a ku Babulo, aja ankalemba pa mapale a dothi. Ndinapezamo chigumula. Munthu mmodzi anachenjezedwa, anakhoma chingalawa n'kuchimata phula, analowetsamo banja lake ndi nyama, madzi anamiza dziko, chingalawa chinakatsakamira paphiri, iye n'kumatulutsa mbalame kuti aone ngati kwauma. Ndipo bukulo linkati nkhaniyi inalembedwa kale Malemba athu asanalembedwe. Ndinalitseka n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wandiona. Ndinaganiza kuti ndatulukira chinsinsi chimene abusa a dziko lonse anapangana kubisa. Ndinasiya kwaya, ndinasiya mgonero, ndipo m'basi ndikaona amayi ovala yunifomu ya mpingo ndinkawamvera chisoni ngati anthu amene agulitsidwa nsalu yosuluka.

Abusa athu nthawi imeneyo anali a Munthali, akumpoto, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Ndinapita kwawo buku lili m'chikwama, nditakonzeka kuwaona akutuluka thukuta. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Wafika paja milungu ikuunjikana pa nsembe ngati ntchentche?" Ndinali ndisanafike. Anandiuza kuti zimenezi anaziphunzira chaka choyamba kusukulu ya ubusa, mpaka analemba mayeso ake. "Pita ukamalize, mwana wanga," anatero, "ndipo uzikadzifunsa kuti madziwo anabwera chifukwa chiyani."

Ndinakamaliza. Kwa Ababulo milungu inali yambiri, ndipo inamiza anthu chifukwa ankasokosa, iyo n'kumalephera kugona. Madzi atakwera, milungu yomweyo inachita mantha, kenako njala inaipweteka poti wopereka nsembe panalibenso. M'Malemba athu Mulungu ndi mmodzi, chomuwawa ndi chiwawa cha anthu, ndipo pamapeto pake amadzimanga yekha ndi lonjezo. Chingalawa n'chomwecho, phula ndi lomwelo, mbalame n'zomwezo, koma amene akunenedwa ndi wina. Ndinabwerera ku kwaya mwakachetechete, ndipo palibe anandifunsa kumene ndinali. Ukumbukire, Tiyamike, ukapeza nkhani yofanana ndi ya m'Malemba usathamange, kaya kuthamangira kunja kwa tchalitchi ngati ine, kaya kuthamangira kukaitcha ya Satana ngati iwe. Uyambe waiwerenga mpaka kumapeto.

Nditachira matenda amenewo ndinagwidwa ndi ena. Ndinayamba kuona kufanana paliponse. Ndinapeza mfumu ina ya kudera la Ababulo komweko imene inkati mayi ake anaiika m'dengu lomata phula ili khanda, n'kuisiya pamtsinje mpaka wotunga madzi anaitola. Ndinapeza anthu oumbidwa ndi dothi, ndinapeza njoka yolanda munthu chomera cha moyo. Za amene anayamba ndi amene anatsatira, mabuku omwewo sankagwirizana nthawi zonse, koma ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinayamba kuuza aliyense kuti zonse n'zimodzi, anthu angosintha mayina. Malemu bambo ako ankangoti "eya" n'kupitiriza kuwerenga nyuzi yawo. Ine ndinkadziona ngati munthu wa mtima waukulu, woti zipembedzo zonse zakwana m'chikwama chake.

Ndi mtima waukulu umenewo ndinapita kumudzi kwathu, mphepete mwa Dzalanyama, kukazonda agogo ako. Ndinapeza atsibweni ako akusema mpini. Ndinawauza, poganiza kuti ndikuwakomera mtima, kuti nkhani yawo ya ku Kaphirintiwa ndi yomwe ija ya munda woyamba wa m'Malemba, choncho iwo ndi ine ndife amodzi. Anaika kasemasema pansi.

"Iwe Naphiri, sukulu yakutseka makutu," anatero. "Kwanu kutchalitchiko mumati Mulungu adathamangitsa munthu m'munda. Kwathu kuno munthu ndiye adathamangitsa Chauta. Adatsikira limodzi ndi mvula, iye, mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe likadali lofewa, n'kumakhala pamodzi bwinobwino. Munthu adapeka moto, tchire lidapsa, nyama zidabalalika, Chauta adasowa kolowera mpaka kangaude adamuponyera ulusi, iye n'kukwera. Ndiye ukamati n'chimodzimodzi, wathamangitsa mnzake ndani pamenepa?"

Anakwiya ndithu, moti tsiku limenelo sanandilankhulenso. Iwo safuna kuti nkhani yawo ikhale mng'ono wake wa nkhani yathu. Ndiye ukamati anakopera, dziwa kuti mwini wakeyo ndi woyamba kukana kuti n'zofanana. Mmene ndikuonera ine tsopano, anthu kulikonse anaona kuti Mulungu ali patali ndipo ife timafa, n'kufunsa kuti chinalakwika n'chiyani. Ababulo anafunsa, Aiguputo anafunsa, makolo athu anafunsa. Aisraeli nawonso sankakhala pachilumba, anali ndi anansi, anakhalapo ku Iguputo ndi ku Babulo komwe, ndipo poyankha analankhula ndi mawu amene anthu a nthawi yawo ankamva. Ine ndimakhulupirira yankho la m'Malemba, ndipo ndidzafa nalo. Koma funso lake ndi lomwe lija ali nalo atsibweni ako. Ngakhale dzina loti Chauta, limene mumaimba kutchalitchi kwanu magitala akulira, amishoni analipeza m'kamwa mwa anthu ngati iwowa. Usaiwale zimenezi, Tiyamike: kunena kuti zonse n'zimodzi ndi ulesi, kunena kuti zonse za ena n'za Satana ndi ulesi womwewo.

Cholakwa china ndinachichita ku Area 10, ndipo ichi chikukhudza kumene ukupita. Abwana athu ena achizungu anatiitanira kunyumba kwawo kuphwando lotsanzikana. Inali nthawi yanga yoyamba kulowa m'mipanda imeneija, ndipo ndinavala nsapato zimene zinkandiluma. Mlendo wina wa ndevu, wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lina, atamva kuti ndimaimba kwaya anandipanikizira pakona tambula ili m'manja. Anati mulungu wakufa n'kuuka analipo kale ku Iguputo, anabadwa kwa namwali, anali ndi ophunzira khumi ndi awiri, ndipo Akhristu anangokopera zonse. Ine ndinkagwedeza mutu n'kumaseka nawo poopa kuoneka wakumudzi. Ndinavomera ngakhale zimene ndinali ndisanazimvepo.

Lolemba lake ndinakafufuza pa mashelefu. Mulungu wa Aiguputo uja analipodi m'mabuku. Anaphedwa ndi m'bale wake, anadulidwa nthulinthuli, mkazi wake anayenda kutolera zidutswazo, ndipo pambuyo pake anakakhala mfumu ya akufa, osabwereranso kudzayenda ndi kudya pakati pa amoyo. Za namwali ndi za ophunzira sindinazipeze paliponse. Kufanana kunalipo ndithu, koma kunali ngati mbale ya ogulitsa nyemba yokhomedwa kunsi, yooneka yodzaza zam'kati zili zochepa. Bambo wa ndevu uja sindinamuonenso kuti ndimuuze.

Kumene ukupitako anthu otere aliko, ndipo aliko enanso amene anawerengadi kuposa iwe ndi ine. Usawapsere mtima, komanso usaseke nawo pofuna kukondedwa. Uziwafunsa kuti anawerenga kuti. Ena adzachita chibwibwi. Ena adzakuonetsa buku, ndipo zimene akunena zidzakhala zoona. Zoonazo uzilandire, sizikulanda kanthu. Chikhulupiriro chimene chimafuna kuti mabuku ena akhale otseka sichichedwa kutha, ndinachionera kwa ine mwini.

Koma pali china chimene sunachiganizire. Kumeneko munthu wa nthano zakale udzakhala iweyo. Ukadzatseka maso kupempherera chakudya ku kantini, ena adzakuyang'ana mmene iwe umayang'anira atsibweni ako akamathira ufa pansi pa mtengo. Adzati mwana wa ku Afirika uyu akadali ndi zinthu zimene ife tinasiya kale, zimene ndi zokopera kwa Ababulo. Ena adzatero mwaulemu, ena ayi. Tsiku limenelo sudzafuna kuti akhulupirire zako. Udzangofuna kuti m'mawa akupatse moni, ndi kuti kapu yako asaipatule.

Iwe utabadwa, atsibweni ako anabwera m'nyumba muno ndi mkuzi woti akumange m'chiuno, monga tinamangidwira tonse kwathu. Ndinakana. Kukanako kunali koyenera, ndipo lero lomwe ndikhoza kukananso. Chimene chinali chosafunika ndi mmene ndinakanira, mokweza, pamaso pa amayi a mpingo amene anabwera kudzaona mwana, pofuna kuti aone kuti m'nyumba muno muli Mkhristu. Iwo anaupinda mkuziwo n'kuuika m'thumba la jekete. "Mwana ngwako, Naphiri," anatero, "koma mbumba njanga. Ndizibwerabe." Ndipo ankabweradi. Tsiku la ubatizo wako anaima panja pa tchalitchi, pansi pa mtengo, mpaka tinatuluka. Bambo ako atamwalira anakhala pa maliro kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, chipewa chili pabondo, ngakhale sankadziwa n'imodzi yomwe. Pa zaka zonsezi sanakuuzepo n'kamodzi komwe kuti usiye tchalitchi. Ukumbukire, mwana wanga, munthu ukhoza kumukanira chinthu popanda kumukana iye.

Sindikuwayeretsa. Ndi aliuma, amamwa, amaseka abusa ako ndi nsapato zawo zosongoka, ndipo akayamba mtsutso salola kugonja ngakhale atalakwa poyera. Msoti umene anabwera nawo wa chinkhoswe uja wandithera maluwa onse a kukhonde, koma akukana kuti tiuphe, ati ndi wa mwana. Ine ndi iwo takangana za Mulungu kuyambira ndili mtsikana, ndipo palibe wasuntha mnzake. Ndimawapempherera ndi dzina, iwo akudziwa, ndipo amati ndipitirize poti sizipweteka.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ngakhale sunachitchule. Ukuopa kuti akakugwira dzanja, kapena akatchula makolo pokudalitsa, mizimu ikwera nawe ndege. Ine ndinakuphunzitsa za Mulungu amene analenga kumwamba ndi dziko lapansi. Ngati tsopano uli ndi wina amene angalepheretsedwe ndi dzanja la nkhalamba yodwala chifuwa, ameneyo ndi wamng'ono kuposa amene unachoka naye m'nyumba muno. Sindikuti upite kukachisi. Sindikuti ulandire mankhwala a paulendo. Akakupatsa ukane, koma ukane motsitsa mawu, muli awiri. Chimene ndikupempha ndi chimene amachita mwana aliyense wochoka pakhomo, kugwada pakhomo pa chipinda chawo n'kunena kuti atsibweni, ndikupita, tsalani bwino.

Ukuti mudzabwera amuna ako akadzamaliza maphunziro, ndipo zonse zidzakonzeka nthawi imeneyo. Kuchipatala kuja adokotala sanalankhule zambiri. Anawonjezera mapilitsi, kenako m'malo moyang'ana wodwala anayang'ana ine. Ndakhala m'dziko muno mokwanira kuti ndidziwe tanthauzo lake. Sindikuganiza kuti udzawapeza. Sindikunena izi kuti ndikuopseze, ndikungofuna kuti posankha udziwe chimene ukusankha. Zikundiwawa, Tiyamike. Mlongo wanga ndi mmodzi yekhayu, mwana wanganso ndiwe wekha, ndipo ndatopa kunyamula mbale ziwiri kupita mbali ziwiri za nyumba imodzi.

M'mawa uno, iwe utangotuluka, ndinawapititsira phala. Ndinawapeza atakhala pakhonde lawo, akuyang'ana zovala zako zimene unayanika pachingwe. Anandifunsa kuti, "Naphiri, kalasi ya ubatizo kwanu kuja imatenga nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati imapitirira chaka.

Anaseka pang'ono mpaka chifuwa chinawagwira. "Ndiye kuti ndege idzakhala itapita," anatero.

Ndinawauza kuti ngati akufuna kalasi ndiwaperekeza ndi mtima wonse, ngakhale mawa, koma asalowe pofuna kugula moni wa mwana, chifukwa Mulungu sanamizidwa. Anangoyamba kumwa phala lawo. Munthu amene wakanira abusa, alaliki a m'misewu ndi ine mlongo wake moyo wake wonse, lero akufunsa za kalasi chifukwa cha iwe. Mwina abusa ako angati ndi chigonjetso. Ine sindinakondwere nazo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakalira kubafa kuti asandione.

Zanga zathera pamenepa. Mulungu amene tonse awiri timamupembedza akutsogolere, akupatse anzako abwino kumeneko, ndipo banja lako likhale la mtendere. Uziwerenga mpaka kumapeto, uzifunsa anthu kumene anawerenga, ndipo uziimba foni ngakhale palibe nkhani.

Galimoto ya ku bwalo la ndege ibwera mawa chakumasana. Atsibweni ako adzakhala pakhonde lawo kuyambira m'mawa. Sindikukakamiza, ndiwe mayi wapabanja tsopano, ndipo chimene usankhe sichisintha kuti ndiwe mwana wanga. Koma ngati waona kuti sungathe, undiuze tisanamwe tiyi, kuti ndiwatume kumsika wa m'tauni akandigulire chilichonse, galimoto ikamatuluka pageti asaione.

Ndine mayi ako,
Naphiri